Mwendo wa galu ukapindika: zimene ndaphunzira pa kagalu ka ku Chirimba

Alimi anzanga, sabata ino mundikhululukire poti ndapatuka pang'ono. Ndinalonjeza kuti tikambirana za kasungidwe ka mbewu ya nyemba, koma nkhani imene yandidyera nthawi miyezi inayi yapitayi ndi ya galu. Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwayamba kale kuseka pamene mwakhala pakhonde la golosale, mukuti munthu wophunzira uyu zamuthera zolemba. Koma tafunsani mlimi aliyense wa dimba m'mbali mwa mtsinje, kapena amene amalima kumunsi kwa phiri la Michiru kumene anyani ndi apusi sapatsa munthu mpata, kuti mlonda wake weniweni ndani. Akuuzani kuti ndi galu. Komanso mafupa a galu, a mbuzi ndi a thole amakula ndi kupola mwa njira imodzimodzi, kotero kuti zimene ndinene pano zikuthandizaninso tsiku limene kamwana ka mbuzi kadzathyoke mwendo m'khola.

Ndineneretu kuti ine si dokotala wa ziweto ayi. Ku sukulu ya ukachenjede ndinaphunzira za mbewu ndi nthaka, ndipo za ziweto tinangozilawa. Mudzaona m'nkhani ino kuti kulawa kokhako kunatsala pang'ono kupundula galu.

Pali mayi wina ku Chirimba amene ndimamuthandiza pa ulimi wa tomato ndi mpiru. M'mawa wina akupita ku msika anapeza kagalu mu ngalande pafupi ndi msewu waukulu uja wopita ku Lunzu ndi ku Zalewa. Kanali konyowa, kodzaza nkhupakupa m'makutu, ndipo mwendo wakutsogolo wa kumanzere kanali kataukweza m'mwamba. Anthu ogulitsa pafupi anati kagundidwa ndi njinga yamoto ya kabaza, mwini wake sakudziwika. Mayiyo anakafunda ndi chitenje chakale nkupita nako kunyumba. Ana atafunsa ngati kachire, iye anati, "Tiyese." Dzina linakhala lomwelo.

Patapita masabata awiri Tiyese anayamba kuponda, ndipo aliyense anati wachira. Palibe fupa limene linkaoneka lothyoka, chotupa chinaphwa, kagalu kanayamba kuthamangitsa nkhuku. Koma patatha mwezi ndi theka mayi uja anandiitana nati, "Alangizi, taonani mwendo wa mnzanu uja, ukuchita ngati matewe." Zoonadi, mwendowo unali utayamba kupindikira kutsogolo ngati uta, ndipo phazi linkaloza kunja ngati la bakha.

Apa ndi pamene ine ndinalakwitsa. Ndinafunsa zimene galuyo amadya, anandiuza kuti mkute ndi phala la madeya. Ndinati basi, vuto ndi chakudya, mafupa afewa. Ndinawalangiza kuti azimuthirira bonya ndi zigoba za mazira zosinja, ndipo tinadikira mwezi wathunthu. Galu ananenepa, ubweya unasalala, koma mwendo unapitiriza kukhota. Chinthu chimene chinali pamaso panga koma osachiona ndi ichi: matenda a kusowa chakudya sasankha mwendo umodzi. Akagwira, amagwira miyendo yonse iwiri yakutsogolo, nthawi zina inayi yonse. Wa Tiyese unali umodzi, womwe uja unagundidwa.

Dokotala wa ziweto amene tinapitako mu mzinda muno sanandinyoze, koma atajambula mafupa anandiyimika pa chithunzi nkundiphunzitsa ngati mwana wa sitandade faifi. Zimene anandionetsa ndi zimene ndikufuna kuti nanunso muzimvetse, chifukwa ndiwo mutu wa nkhani yonseyi.

Fupa la chiweto chaching'ono silitalika paliponse. Limatalika kumapeto kwake, pa kachigawo kofewa konga kaja timatafuna kunsonga kwa fupa la nkhuku yanthete. Kachigawo kameneka kamapanga fupa latsopano tsiku ndi tsiku monga nsonga ya chimanga imatulutsira masamba, ndipo chiweto chikakhwima kamauma nkusanduka fupa lolimba, kutalika kwathera pomwepo. Kwa agalu a msinkhu wa agalu athu am'midzi zimenezi zimachitika asanakwanitse chaka, pamene agalu akuluakulu achizungu amatha kufika chaka ndi theka. Tsono kachigawo kameneka ndi kosachedwa kuvulala kuposa fupa lenileni. Kakaphwanyika, kamatha kuuma nthawi yake isanakwane, ndipo fupalo limaleka kukula.

Pa ntchafu pamene pali fupa limodzi, zotsatira zake ndi mwendo wofupikirapo basi. Koma pakati pa chigongono ndi phazi la mwendo wakutsogolo pali mafupa awiri oyandikana, monganso pa mkono wanu. Gwirani mkono wanu muwamva. Lina ndi lalikulu, losenza thupi, limene madokotala amalitcha radius. Linalo ndi lowonda, lili kumbuyo ndi kunja, amalitcha ulna. Mafupa awiriwa ndi omangana kumtunda ndi kumunsi, choncho ayenera kukula pa liwiro limodzi. Fupa lowondalo pafupifupi kutalika kwake konse, magawo 85 pa 100 alionse, kumachokera pa kachigawo kamodzi ka kumunsi, pafupi ndi phazi. Ndipo kwa galu kachigawo kameneka kanapangidwa mosongoka ngati chisoti cha nkhokwe, kotero kuti chinthu chikamenya kuchokera mbali iliyonse, mbali ina ya kachigawoko imapanikizika. Nchifukwa chake ngozi yooneka yaing'ono, yopanda fupa lothyoka, imatha kukapha, ndipo ngakhale mutajambula tsiku lomwelo nthawi zambiri palibe chimene chimaoneka.

Tsono taganizirani uta ndi chingwe chake. Fupa lowonda laleka kukula, lasanduka chingwe. Fupa lalikulu likukulabe, koma lamangidwa uku ndi uku. Lipita kuti? Lipindika. Aliyense amene anamangirirapo mtengo wa mango womezanitsa ku chikhomo nkuiwala kumasula wadzionera yekha zimenezi. Choipitsitsa sikupindikako ayi, koma zimene zimachitika molumikizana mafupa. Chigongono chimakokeka nkuleka kukhala bwino m'malo mwake, pa phazi napo pamapotoka, ndipo malo amenewa akayamba kuperesana nyamakazi imalowa ya moyo wonse. Mwendo wokhota galu angathe kukhala nawo, koma chigongono chowawa chimamukhazika pansi.

Dokotala uja anayang'ana mano a Tiyese kuti adziwe msinkhu wake. Njira imeneyi nanunso mutha kuigwiritsa ntchito: mano a mkaka a kagalu amayamba kuguluka pa miyezi inayi, ndipo pofika miyezi isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri mano onse aukulu amakhala atamera. Anati galuyo ali ndi miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi ndi theka, ndipo kukula kwatsala koma kochepa. Kenaka anandiyang'ana nati, "Achimwene, mukanabwera mwezi wathawu ntchito yanga ikanachepa." Sindinayankhe kanthu.

Opaleshoni imene anasankha ndi yodabwitsa ukaimva koyamba, chifukwa m'malo molumikiza fupa, amalidula. Amang'amba khungu kumbali kwa mwendo, kufika pa fupa lowonda lija, nkuchotsapo kachidutswa kotalika sentimita imodzi kapena awiri. Ndiye kuti adula chingwe cha uta. Fupa lalikulu limamasuka nkupitiriza kukula mowongoka, ndipo poti ndilo limasenza thupi, galu amatha kuponda ngakhale linzake lili ndi mpata. Vuto ndi lakuti thupi la kagalu limapola msanga kwambiri, mwina mpatawo nkutsekeka galu asanamalize kukula, uta nkumangikanso. Pofuna kuchedwetsa zimenezi amachotsa ndi kachikopa kokuta fupalo, ndipo madokotala ambiri amatenga tinthuli ta mafuta pathupi la galu yemweyo nkutsekera pa mpatapo. Mpata ukatsekekabe msanga, amadulanso kachiwiri.

Njira imeneyi imagwira ntchito pokhapokha galu akukulabe. Kwa galu wokhwima kudula chingwe sikuthandiza, chifukwa uta unauma kale uli chipindikire. Pamenepo amadula fupa lalikulu lenilenilo pamene lapindika kwambiri, kuchotsapo kachidutswa konga mphero, kuwongola, kutembenuza phazi kuti liloze kutsogolo, kenaka nkumanga ndi kachitsulo kathyathyathya ndi masikuluwu. Kachitsuloko nthawi zambiri kamakhala momwemo mpaka kale. Chimodzimodzinso galu amene anathyoka mwendo kalekale fupa nkupola chokhota: amalidulanso mwadala kuti alilumikize bwino. Imeneyi ndi ntchito yaikulu, yofuna zida zambiri ndi dokotala wozolowera, ndipo mtengo wake ndi wokwera kutalitali kuposa ya Tiyese.

Njira ina ndi yoyika zitsulo kunja kwa mwendo. Amabaya timisomali kupyola khungu mpaka m'fupa, kumtunda ndi kumunsi kwa podulidwa, nkutigwirizanitsa ndi ndodo yachitsulo kunja. Pano pali kankhani kosangalatsa. M'chaka cha 1937 dokotala wa ziweto wa ku America, Otto Stader, anatulukira chida cha mtundu umenewu pofuna kuthandiza agalu, poti galu amatafuna chikhakha. Madokotala a anthu atachiona anachitenga, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse chinagwiritsidwa ntchito pa asilikali ovulala. Pambuyo pake, m'zaka za m'ma 1950, dokotala wa ku Russia, Gavriil Ilizarov, amene ankagwira ntchito mu mzinda wa Kurgan, anasonyeza kuti fupa lodulidwa likamakokedwa pang'onopang'ono, milimita imodzi pa tsiku, thupi limadzaza mpatawo ndi fupa latsopano, mwendo nkutalika. Njira yakeyo lero imagwira ntchito pa anthu ndi pa agalu omwe. Choncho amene amati kuchita galu opaleshoni nkuseweretsa nzeru za chipatala adziwe kuti nzeruzo zakhala zikubwerekana.

Ndipo pali nthawi imene kuwongola sikutheka: mtsempha wa mwendo unafa, bala linalowa mafinya mpaka m'fupa, kapena msampha wa waya unadula magazi kwa masiku. Pamenepo amadula mwendo wonse. Ambiri amaona ngati nkhanza, koma galu wa miyendo itatu amadzuka patangopita masiku ochepa, ndipo alibe manyazi amene munthu amakhala nawo. Chofunika kudziwa nchakuti galu amasenza magawo 60 pa 100 a thupi lake ndi miyendo yakutsogolo, choncho wodulidwa wakutsogolo amatopa msanga kuposa wodulidwa wakumbuyo, ndipo asamaloledwe kunenepa kwambiri. Kuuwa kokha amauwa chimodzimodzi.

Tsiku la opaleshoni tinauzidwa kuti galu asadye kuyambira usiku, kuopa kuti angasanze ali mtulo ta mankhwala nkutsamwa. Anali atamwetsedwa kale mankhwala a njoka za m'mimba ndi kuchotsedwa nkhupakupa masabata awiri m'mbuyomo, chifukwa galu wochepa magazi sapirira mankhwala ogonetsa. Tinamusiya m'mawa, madzulo tinamupeza atadzuka, mwendo atameta nkukulunga bandeji yochindikala, m'khosi atavekedwa chinthu chonga ndowa yobowola pansi kuti asanyambite bala. Za mtengo, ndingonena kuti pamodzi ndi kujambula zinatidyera ndalama yogulira mbuzi zingapo. Mayi uja sakanatha yekha. Tinasonkherana, ine, mlongo wanga ndi anzathu ena awiri okonda agalu, ndipo dokotalayo anatichotserako poona kuti ndi galu wotola.

Wina andifunsa kuti, mbuzi zingapo chifukwa cha galu wa mu ngalande, pamene tiagalu amagawa ulere? Funsoli ndi labwino ndipo sindilinyoza. Banja limene lilibe ufa lisagulitse mbuzi chifukwa cha mwendo wa galu, ndipo dokotala woona mtima amakuuzani njira zotsika mtengo, kuphatikizapo kumugoneka galuyo mosamva ululu ngati kuvutika kwake kulibe mathero. Chimene ndimakana ndi chizolowezi chathu chongomusiya akudzikwakwaza kuseri kwa bafa mpaka mphutsi zitamumaliza, kapena kukamutaya ku msika kuti akhale vuto la ena. Galu wotayidwa sabayitsa katemera, amaswana m'zinyalala, ndipo ndi amene mawa adzalume mwana wanu popita ku sukulu.

Ntchito yovuta kwenikweni inayamba titafika kunyumba. Mpeni wa dokotala ndi ola limodzi, koma kusamala ndi masabata. Tinamanga kakhola ka nsungwi pakhonde, kotalika mamita awiri, pouma, tinayala masaka. Galu amatuluka pa chingwe katatu kapena kanayi pa tsiku kukadzithandiza basi, osathamanga, osalumpha, osasewera ndi anzake. Bandeji isanyowe, kukagwa mvula amaiveka jumbo potuluka nkuichotsa akangolowa. Tsiku lililonse mayi uja amagwira zala za phazi zimene dokotala anazisiya poonekera: zikazizira, zikatupa mpaka zikhadabo ziwiri zapakati kutalikirana, kapena bandeji ikayamba kununkha, ndiye kuti thamangani tsiku lomwelo, osadikira mawa. Ulusi anachotsa patapita masabata awiri. Vuto lalikulu linali ana, amene ankamva chisoni nkumamutsegulira khola amayi awo akapita ku msika. Tsiku lina tinamupeza pamwamba pa mulu wa njerwa, ndowa ili m'khosi, akuuwa mphaka. Mtima wanga unaima.

Kagalu fupa lake limagwirana pa masabata anayi mpaka asanu ndi umodzi, pamene galu wamkulu amafuna miyezi iwiri kapena itatu. Koma galu amaleka kumva kuwawa fupa lisanalimbe, ndipo apa ndi pamene ambiri amawonongera ntchito yabwino. Kuponda si kuchira.

Za mankhwala ndinene mosapsatira. Musapatse galu mapiritsi a anthu opha ululu amene timagula m'magolosale. Brufen ndi diclofenac amabowola chifu cha galu ndi kuwononga impso, ngakhale piritsi limodzi kwa kagalu kakang'ono. Panado amapha mphaka, ndipo kwa galu muyeso wake ayenera kunena ndi dokotala. Agalu ali ndi mankhwala awoawo a ululu, ndipo a vetenale amawadziwa.

Malangizo anga a chakudya aja sanali olakwika, anangolakwika malo. Kagalu kodya nsima, makoko ndi madeya okhaokha kamasowa kashiamu, chifukwa chimanga chili ndi fosifolasi wambiri koma kashiamu wochepa kwambiri. Thupi likaona choncho limayamba kusungunula mafupa ake omwe, miyendo nkufewa, kupindika, mwina kuthyoka popanda chifukwa. Nyama yokhayokha yopanda mafupa nayo imachita chimodzimodzi, choncho wa butchala asadzitame. Mankhwala ake ali pa msika uliwonse: bonya, usipa kapena matemba ophika opanda mchere wambiri ndi tsabola, odyedwa ndi minga yomwe, dzira lophika mwa apo ndi apo, masamba pang'ono, ndi kachigoba ka dzira kowiritsa nkusinja. Musapyoze muyeso poganiza kuti kuchulutsa nkuthandiza, poti kashiamu wochuluka nayenso amasokoneza kakulidwe ka mafupa. Ndipo pali tiagalu tina ta miyezi iwiri kapena itatu timene timapinda pa mfundo ya pamwamba pa phazi ngati tikugwada; kawirikawiri timawongoka tokha m'masabata ochepa tikadya bwino ndi kuyenda pa dothi m'malo mwa simenti yoterera. Tumeneto sitifuna mpeni. Kusiyanitsa kwake nkomwe kuja: mwendo umodzi kapena yonse, ndipo panachitika ngozi kapena ayi.

Tsono mukapeza galu wovulala pamsewu mutani? Choyamba dzitetezeni. Galu womva ululu amaluma ngakhale mbuye wake. M'fundeni ndi thumba kapena bulangete, m'mangeni kukamwa ndi kansalu ngati akupuma bwino ndipo sakusanza, nkumunyamula pa thabwa kapena mu katoni. Chachiwiri, ndipo ichi ndi chachikulu, si galu aliyense wokoka miyendo amene wagundidwa. Chiwewe chili mitundu iwiri. Tonse timadziwa cha galu wolusa woluma chilichonse, koma pali china chozizira chimene galu amafa ziwalo, kuyambira miyendo yakumbuyo, chibwano nkulendewera, dovu likutuluka, ngati watsamwa fupa. Galu wotere musamugwire, ndipo musapise dzanja m'kamwa mwake kufuna fupalo. Itanani alangizi a ziweto. Mukalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo pitani ku chipatala tsiku lomwelo. Zizindikiro za chiwewe zikangoyamba pa munthu, mankhwala palibe. Mayi uja ananyamula Tiyese ndi manja, ndipo ngakhale zinamuyendera bwino, ndinamudzudzula. Galuyo anabayidwa katemera nkukhala pa chingwe akuyang'aniridwa.

Ife a ku Blantyre nkhani ya chiwewe tikuidziwa bwino. Madokotala a ana pa chipatala cha Queen Elizabeth atadandaula za ana omwalira ndi matendawa, bungwe la Mission Rabies linayamba ntchito mu mzinda muno m'chaka cha 2015, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za ziweto ndi bungwe la Blantyre SPCA. Chaka chimenecho anabaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20 okha, ndipo ambiri mukukumbukira ana ali pa mzere m'mabwalo a sukulu, agalu ali pa zingwe za chilambe ndi za sisalo. Cholinga chimakhala kubaya agalu 70 pa 100 alionse, poti pamenepo matendawa amasowa podumphira. Galu mmodzi wobayidwa amene wakhala zaka zambiri pakhomo ndi mbali ya mpanda umenewo. Akafa nkulowedwa m'malo ndi kagalu katsopano kosabaya, mpanda waboola. Ichi ndi chifukwa china chimene ine ndimaonera kuti kuchiza galu amene alipo kale nkwanzeru kuposa kumangosintha agalu ngati matayala a njinga.

Kunena za matayala, ndikumbuke chinthu china. Mbuzi kapena galu akathyoka mwendo, ambiri timathamangira timitengo ndi mphira wa chubu cha njinga, nkumanga mwamphamvu kuti fupa lisasunthe. Mphira ndiye mdani wamkulu. Amatseka magazi, ndipo pakatha masiku atatu phazi lada, lanunkha, lafa. Ndaziona kangapo m'makola a alimi. Ngati mbuzi yathyoka kumunsi kwa bondo, khungu osabowoka, ndipo a vetenale ali kutali, yambani ndi kukulunga thonje kapena nsalu yofewa yochindikala, kenaka ikani timapande ta nsungwi tosalala totalika kupyola mfundo ya kumtunda ndi ya kumunsi kwa pothyokapo, nkumanga ndi nsalu, osati mphira, mothina pang'ono moti chala chitha kulowa. Itsekereni payokha masabata anayi mpaka asanu ndi umodzi, muzionanso zomangazo sabata iliyonse. Ana a mbuzi ndi matole amapola bwino kwambiri mwa njira imeneyi. Koma pothyoka pakakhala pa ntchafu kapena pa phewa timitengo sitigwira, timangolemetsa mwendo, ndipo ng'ombe yaikulu yothyoka pamenepo nthawi zambiri nkwabwino kuipha nyama isanaonongeke. Fupa likatulukira kunja, tsukani ndi madzi owiritsa othira kamchere, phimbani ndi nsalu yoyera, nkufuna thandizo msanga. Musathirepo oyilo wa galimoto kapena batire.

Thandizolo lilipo kuposa kale. Alangizi a ziweto amene ambiri anaphunzira ku Mikolongwe ku Chiradzulu ndiwo oyamba kuwafikira, ndipo ngakhale sachita opaleshoni ya mafupa, amadziwa kokutumizani. Kale aliyense wofuna kukhala dokotala wa ziweto ankayenera kukaphunzira kunja, koma tsopano sukulu ya LUANAR ku Bunda imaphunzitsa madokotalawa konkuno. Ku Blantyre kuli bungwe la SPCA lija, ndipo ku Lilongwe kuli linzake, Lilongwe SPCA, lomwe linayamba m'chaka cha 2008. Mabungwe amenewa amachiza, amafula ndi kutseka agalu kuti asaswane, ndiponso amasunga otayidwa mpaka atapeza owatenga. Komabe tisanamizane, makina ojambulira mafupa a ziweto ndi zitsulo zomangira zimapezeka m'mizinda ikuluikulu, ndipo mlimi wa kutali amayenera kuganizira za ulendo.

Tibwerere kwa Tiyese. Lero patha masabata asanu ndi umodzi chichitireni opaleshoni. Bandeji anachotsa, ndowa anavula, akuponda ndi miyendo inayi, ndipo kupindika kwaleka kuwonjezereka. Ine ndikuona ngati kwachepako, koma maso a munthu amene anasonkha ndalama sadalirika. Chithunzi ndicho chidzanene. Dokotala akufuna kumujambula mwezi uliwonse mpaka atasiya kukula, kuti aone ngati mpata uja sunatsekeke msanga. Anatiuza mosabisa kuti chifukwa cha kuchedwa kuja mwendo sudzawongoka ngati unzake, ndipo ngati phazi lidzatsale lopotoka moti nkumamupweteka, padzafunika opaleshoni yachiwiri ija ya kachitsulo. Likadzatsala lokhota pang'ono koma losawawa, adzalisiya choncho.

Mayi uja sangathe kumusunga. Amakhala nyumba ya lendi, mpanda umodzi mabanja anayi, ndipo eni nyumba analola galuyo pokhapokha akudwala. Anabwerapo anthu awiri. Woyamba, mnyamata wosaka, anangoyang'ana mwendo nkutembenuka, ndipo anachita bwino, poti Tiyese sadzakhala galu wothamangitsa akalulu. Wachiwiri ndi bambo wina wachikulire wa cha ku Chileka amene ali ndi khola la nkhumba ndi dimba la kabichi. Anamuzungulira kawiri, namuyang'ana m'kamwa ngati akugula ng'ombe, kenaka anati, "Mwana wanga, ine ndikufuna wouwa, sindikufuna wa mpikisano. Koma galu wodula chonchi, akadzafa m'manja mwanga mudzandisumira kuti?" Ndinawauza kuti sitigulitsa, ndipo zimene tikupempha ndi zochepa: asamumange pa unyolo usana ndi usiku, asamupake tsabola kapena kumutsekera mu mdima ati kuti aluse, azimupatsa madzi ndi chakudya chosakaniza, katemera wa chiwewe chaka chilichonse, ndipo alole kuti ndizidzamutenga pa tsiku lojambula. Ndinawauzanso kuti galuyo adzafulidwa akamaliza kukula.

Pa kufula mpamene tinasiyana maganizo. Bambowo akuti galu wofula sauwa, amangogona ngati nkhumba. Ine ndinawauza kuti chimene chimachepa ndi kuyendayenda usiku kutsata zazikazi, komwe ndi kumene agalu ambiri amakagundidwira ndi kulumidwa, koma kulondera pakhomo kumakhalapobe. Sanakhutire. Anati akafunsa kaye mayi a kunyumba, ndipo adzabweranso Loweruka la mawa pobwera kudzagula madeya ku chigayo. Eni nyumba apereka mpaka kutha kwa mwezi uno.